Za Magalimoto: Kugulitsa Widebody Kit Yochokeradi ku Japan

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA:  Takulandirani ku pulogalamu yathu ya za magalimoto. Lero tili ku Japan, koma sitikukasankha Sienta kapena Vitz ayi. Tikamba za magalimoto a liwiro, aja a zitseko ziwiri otsika kwambiri, monga Toyota 86, Nissan Silvia, Mazda RX-7 ndi Nissan GT-R, komanso katundu wina amene eni ake amawaveka, wotchedwa widebody kit. Maso athu ali pa munthu amene ali ndi kiti yotere ndipo akufuna kuigulitsa. Akauza wogula kuti iyi ndi olijino, yachokera kwa mwini wake ku Japan, wasenza udindo wotani? Muno mu situdiyo ndili ndi mmisiri wowongola ndi kupenta magalimoto, amene anagwirapo ntchito ku Johannesburg ndipo pano ali ndi galaja ku Biwi, ku Lilongwe. A mmisiri, takulandirani.

MMISIRI: Zikomo mayi, ndi ulemu wanu. Moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Tiyambire poyambira, bambo. Wina akumva dzinali koyamba. Kiti imeneyi ndi chiyani?

MMISIRI: Ndi zidutswa zimene zimakulitsa thupi la galimoto cham'mbali. Zikuluzikulu ndi madigadi anayi otukuka, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, amene amaphimba matayala. Pamakhalanso bampala ya kutsogolo, nthawi zina ya kumbuyo, timapulanga totsata m'munsi mwa zitseko, ndi phiko la pa buti. Chifukwa chake n'chosavuta. Galimoto ikakhala ndi mphamvu zambiri imafuna tayala lalikulu m'lifupi kuti ligwire bwino msewu pokhota. Tayala lalikulu silikwana m'malo amene fakitale inasiya, limatulukira kunja. Ndiye mumakulitsa thupi kuti liliphimbe.

WOULUTSA: Ndipo zimenezi zinayambira pa mabwalo a mpikisano. Mu 1971 kampani ya Nissan inkagulitsa Skyline 2000GT-R ya zitseko ziwiri yokhala ndi madigadi akuda omangirira kumbuyo, ndipo chaka chomwecho inatulutsa Fairlady 240ZG, yokhala nawo mbali zonse zinayi, mitu ya zomangira ikuoneka poyera. Mu 1972 Toyota inachita chimodzimodzi pa Corolla Levin. Anyamata a ku Japan ankapita ku bwalo la Fuji Speedway, m'munsi mwa phiri la Fuji, kukaonerera mipikisano, ndipo pobwerera ankakatengera maonekedwe amenewo pa magalimoto awo a mumsewu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera mipikisano ya Super Silhouette, ya magalimoto otambalala modabwitsa, ndiye mtima wa anyamatawo unapitiratu. Anthu amene akupanga makiti otchuka lero anakula akuona zimenezo.

Nditchule angapo, chifukwa wogulitsa amene sadziwa mwini wa katundu wake wayamba kale kukayikitsa. Woyamba ndi Kei Miura wa ku Kyoto, mwini wa kampani ya TRA Kyoto. Makiti ake amadziwika ndi mayina awiri, Rocket Bunny ndi Pandem. Anayamba kudziwika ndi makiti a Nissan Silvia ndi 180SX, koma dziko lonse linamudziwa mu 2012, pamene kiti yake ya Toyota 86, imene ku America inkatchedwa Scion FR-S, inaonetsedwa ku chionetsero cha SEMA ku Las Vegas mogwirizana ndi kampani ya GReddy. Galimotoyo inali itangotuluka kumene chaka chomwecho. Wachiwiri ndi Wataru Kato, amene anayambitsa Liberty Walk mu 1993 kufupi ndi mzinda wa Nagoya. Iyeyu ku SEMA ya 2012 yomweyo anabweretsa Lamborghini Murciélago yodula madigadi, anthu n'kugwira pakamwa, kenako anapanga makiti a Nissan GT-R ndi ena ambiri. Palinso VeilSide ya Hironao Yokomaku. Amene munaonera kanema wa The Fast and the Furious: Tokyo Drift wa mu 2006 mukukumbukira galimoto ija ya olenji ndi yakuda. Ija ndi Mazda RX-7 yovala kiti ya VeilSide yotchedwa Fortune, imene inasintha thupi lonse mpaka anthu ambiri osaizindikira kuti ndi Mazda. Inali itapambana kale ku Tokyo Auto Salon mu 2005, chionetsero chimene chimachitika Januwale aliyense ku Makuhari Messe.

MMISIRI: Pamenepo mayi ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene anthu sachidziwa. Mayina amenewa ndi aakulu pa intaneti, koma malo ogwirira ntchito ndi aang'ono. Si mafakitale ngati a Toyota. Ndi magalaja a anthu ochepa, ndipo zidutswa zambiri zimaumbidwa munthu akaitanitsa. N'chifukwa chake wogula amadikira milungu, nthawi zina miyezi. Kudikira kumeneko ndiye kumene kumapatsa mpata munthu wogulitsa kiti imene ali nayo kale m'manja, komanso ndi kumene kumapatsa mpata akuba.

WOULUTSA: Tafika pa mtima wa nkhani. Kiti ya olijino mtengo wake ndi madola masauzande angapo, musanawerengere kutumiza. Ya feki imapezeka pa theka la mtengowo, ina kutsikirapo. Pa chithunzi zimaoneka chimodzimodzi. Zonse ndi fibreglass, imene inu amisiri mumangoti faiba. Ndiye kusiyana kuli pati?

MMISIRI: Kuli pa muyeso. Tiyeni tione mmene Miura amagwirira ntchito. Amatenga galimoto yeniyeni n'kuijambula ndi makina ojambula mbali zonse, mpaka thupi lonse la galimotoyo lilowe mu kompyuta ndi miyeso yake. Madigadi amawalemba pa kompyutapo, pamwamba pa thupi limenelo. Kenako makina osema amasema chitsanzo motsatira zimene kompyuta yanena, ndipo pa chitsanzo chimenecho ndi pamene amapangira chikombole. Ndiye mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zimafanana ndendende, ndipo mzere wa chitseko umakumana ndi mzere wa madigadi pamalo pake.

Wa feki alibe galimoto, alibe kompyuta ija, alibe chitsanzo. Amagula kiti imodzi ya olijino, n'kuipaka mafuta oletsa kumata, n'kuumbapo chikombole chake. Tsono faiba ili ndi khalidwe lake: utomoni umene timausakaniza ndi ulusi wa galasi uja umakhwinyata pang'ono ukamauma. Chikombole cha wokopera chakhwinyata kamodzi, chidutswa chotuluka mmenemo chakhwinyatanso kachiwiri. Ndiye pali ena amene sagula n'komwe olijino, amakopera kwa mnzawo wokopera. Omvera amene anaumbapo njerwa andimvetsa. Mutenge njerwa yootcha kale, muyezerepo chikombole chatsopano, muumbe, muotche, mutengenso njerwa imeneyo muyezerepo china. Pofika ulendo wachitatu njerwa yanu siikugwirizananso ndi khoma limene munayamba nalo.

Si zokhazo. Wokopera amafuna atulutse zidutswa zambiri pa tsiku, ndiye amazichotsa m'chikombole zisanaume bwino, n'kuzisanjikiza pakona. Zimaumira mopindika. Pena utomoni wachuluka, chidutswa n'cholemera koma chosalimba, chimathetheka. Pena wachepa, mukachiyang'anitsa padzuwa kuwala kumadutsa. M'kati mwa khungu la pamwamba mumatsala timabowo ta mpweya, ndipo timeneto timaphulika galimoto itapentedwa kale, ikakhala padzuwa la Okutobala.

WOULUTSA: Munakumanapo nazo m'manja mwanu?

MMISIRI: Ku Johannesburg kuja, kumene Toyota 86 inkagulitsidwa yatsopano, ndiye inkapezeka ndithu m'magalaja. Mnyamata wina anabwera ndi mabokosi, nkhope ili mwee, akuti wagula Rocket Bunny kwa munthu wa pa intaneti pa mtengo wabwino. Tinamata tepi pa thupi la galimoto kuti tisakande penti, n'kuyamba kuyesa. Madigadi a kumbuyo kumanzere tikawagwiriza pa chitseko, kumbuyo kwake kunkatsala mpata wolowa chala changa chachikulu. Tikakanikiza kumbuyoko, kutsogolo kunkadzuka. Tinatenga a kumanja n'kuwagoneka pansi pafupi ndi anzake: ena anali aatali kuposa ena. Timaenje timene mabawuti amayenera kukhalamo tinali tosazama, m'mphepete mwake mofufutika, chifukwa tinali titakopedwa kangapo. Titatembenuza kunsi, ulusi unali nyankhalala, wobaya m'manja. Mnyamatayo anangokhala pa tayala n'kugwira mutu. Mwayi wake unali umodzi: tinali tisanadule galimoto.

WOULUTSA: Fotokozani bwino za kudulako, chifukwa ndikuganiza kuti omvera ambiri akuyesa kuti zidutswazi zimangomatidwa pamwamba.

MMISIRI: Ayi mayi, galimoto imadulidwa. Tayala lalikulu lija likamakwera ndi kutsika pa mabampu liyenera kupeza malo, apo ayi ligunda chitsulo n'kung'ambika. Ndiye mumalemba mzere pamwamba pa tayala, n'kutenga chopukusira, n'kudula chitsulo cha fakitale. Kutsogolo si nkhani yaikulu, chifukwa madigadi a kutsogolo ndi omanga ndi mabawuti, mukhoza kugula ena. Kumbuyo ndiye kovuta. Chitsulo cha kumbuyo ndi thupi lenileni la galimoto, chowotchereredwa ku denga ndi pansi, ndipo chili pawiri, cha kunja ndi cha m'kati. Mukadula, ziwirizo zimalekana, pakati pamatsala kukamwa. Muyenera kupinda cha m'katicho, kuchilumikizanso ndi cha kunja powotcherera, kumata mankhwala otseka madzi, ndi kupaka penti yoletsa dzimbiri. Mukachita ulesi pamenepo, madzi ndi matope a dzinja zimalowa m'buti, ndipo dzimbiri limadya galimoto mobisa, kunsi kwa madigadi okongola aja. Pambuyo pake mumaboola thupi mabowo ambirimbiri a zomangira. Zonsezi sizibwerera. Galimoto yodulidwa ndi yodulidwa basi.

WOULUTSA: Apa ndi pamene ine ndaima pa nkhani yonseyi, omvera. Munthu wogulitsa wailesi ya m'galimoto yabodza wakuberani ndalama, mukhoza kuichotsa n'kuitaya. Wogulitsa kiti yabodza akupatsani chinthu chimene mukadulire galimoto yanu. Mawu ake ndi amene mukatsatire poika chopukusira pa chitsulo. N'chifukwa chake ndikuti umboni ndi ntchito ya wogulitsa. Wogula asachite kupempha.

(Kanyimbo kakafupi.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kugulitsa widebody kit yochokeradi kwa eni ake ku Japan. A mmisiri, tiyerekeze kuti kitiyo ndi yanga. Ndinaitanitsa, yafika, koma zinthu zasintha, mwina galimoto ndagulitsa, mwina ndalama yoikitsira yasowa. Ndiyambire pati?

MMISIRI: Yambirani pa mapepala. Lisiti la kumene munagula, kaya ndi ku kampani yeniyeniyo kaya kwa wogulitsa amene kampaniyo inamuvomereza. Makampani amenewa amalemba poyera mayina a owagulitsira m'maiko osiyanasiyana, ndiye wogula akhoza kufufuza yekha. Sungani pepala la otumiza katundu, sungani la msonkho. Kuno kwathu ndiye kuti pepala la MRA, losonyeza kuti katunduyo analowa moyenera komanso kumene anachokera. Mabokosi amene kitiyo inabweramo musawataye kapena kuyatsira mbaula, chifukwa zolemba za pamenepo ndi umboni. Makampani ena amaika chizindikiro chawo kunsi kwa chidutswa, ena amapereka kachitsulo kapena kapepala ka nambala. Chilichonse chimene chinabwera, chijambuleni. Koma ndichenjeze: sitika yokha si umboni. Sitika amasindikiza aliyense. Lisiti lokhala ndi tsiku ndi nambala, limene wogula angalitumize kwa amene analilemba n'kufunsa ngati akulidziwa, limenelo ndiye lolemera.

Kenako zithunzi. Ogulitsa ambiri amaika chithunzi cha galimoto ya pa chionetsero, yonyezimira, yoti si yawo n'komwe. Chimenecho sichiuza wogula kanthu. Yalani zidutswa zanu zonse pansi, pa chinsalu, poyera, ndipo pakati muikepo kapepala kolemba dzina lanu ndi tsiku la lero. Jambulani chidutswa chilichonse pamwamba, ndiye muchitembenuze mujambule kunsi. Ife amisiri timayang'ana kunsiko. Timaona mmene ulusi unagonera, ngati m'mphepete munadulidwa mosalala, ngati makulidwe ali ofanana. Musaiwale tizinthu ting'onoting'ono: kathumba ka mabawuti, timabulaketi, mphira wopita pakati pa madigadi ndi thupi ngati unalipo. Kiti ikasowa chidutswa chimodzi nenani, chifukwa kuitanitsa chimodzi chokha ku Japan kumadula ndipo kumachedwa.

WOULUTSA: Palinso nkhani ya kutchula galimoto yeniyeni imene kitiyo ikukwana. Ndikudziwa kuti pa Toyota 86 pokha pali misampha.

MMISIRI: Ilipo. Toyota 86 ndi Subaru BRZ ndi mapasa, zonse zinkapangidwa ku fakitale ya Subaru ku Gunma, ndipo thupi lake n'limodzi. Koma mu 2016 anaisintha nkhope, bampala ndi nyali zinasintha. Anthu a magalimotowa amati zenki ikakhala yakale, kouki ikakhala yosinthidwayo. Ndiye mu 2021 kunabwera GR86, imene ndi thupi lina. Kiti ya ZN6, yomwe ndi 86 yoyamba, siingakwane pa ZN8, yomwe ndi GR86. Komanso Rocket Bunny ya galimoto imeneyi inatuluka m'mitundu ingapo, woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndipo zidutswa zake sizisakanizika mwachisawawa. Ndiye kungolemba kuti kiti ya 86 n'kusamaliza mawu. Lembani chaka, nambala ya mtundu wa galimoto, ndi mtundu wa kiti. Pa Silvia chimodzimodzi: S13, S14 ndi S15 ndi magalimoto atatu osiyana.

WOULUTSA: Nanga ngati kitiyo inakhalapo kale pa galimoto? Ndi olijino ndithu, koma yachotsedwa.

MMISIRI: Imeneyo ndiye imafuna chilungamo chochuluka. Ngakhale olijino simangoti phwa pa galimoto ngati chivundikiro. Mmisiri amaipala pang'ono apa, kuisalaza apo, kuti igone pa galimoto imeneyoyo. Ndipo amaiboola. Mabowo amenewo anatsata dzanja la mmisiri woyamba. Wogula watsopano adzayenera kutsata mabowo omwewo pa galimoto yake, kapena kuwatseka ndi faiba n'kuboola ena. Ndiye nenani kuti ndi yoboola kale. Nenani ngati inamatidwapo ndi guluu wa magalasi, chifukwa pochotsa imasweka m'mphepete. Bampala ya kutsogolo ya galimoto yotsika imakhala itakhulapo pansi, palibe imene imapulumuka. Ngati inang'aluka n'kukonzedwa, jambulani chigambacho kunsi. Kukonza faiba si tchimo, ikakonzedwa bwino imalimba. Choipa ndi kupaka fila wambiri, kuthira penti yatsopano, n'kukhala chete. Ine ndimalangiza kuti musaipente n'komwe pofuna kugulitsa. Wogula adzapenta mtundu wa galimoto yake, ndiye penti yanu yatsopanoyo kwa iye ndi ntchito yowonjezera yopala, ndipo imamupatsa maganizo oti mukubisa kanthu.

WOULUTSA: Pa mtengo mumawauza chiyani anthu?

MMISIRI: Yoti sinaikidwepo, ili m'mabokosi ake, mapepala ali pomwepo, ikhoza kuyandikira mtengo wa yatsopano, chifukwa wogula mwamupulumutsa ku kudikira ndi ku chiopsezo choti iswekere m'njira. Yoboola ndi yopenta itsike ndithu. Yopanda pepala lililonse, ngakhale inu mukudziwa mumtima kuti ndi yeniyeni, msika udzaiona ngati yokayikitsa, ndipo musakwiye wogula akanenerera. Chimene simungabweze ndi ndalama ya mmisiri ndi ya penti imene munalipira poika. Imeneyo inapita.

Wogulitsa wabwino amauzanso wogula zimene zikumudikira. Kitiyo ndi chiyambi chabe. Toyota 86 nthawi zambiri inkachoka ku fakitale ndi malimu a mainchesi 17, m'lifupi mainchesi 7, ndipo amakhala olowa m'kati. Mukakulitsa thupi ndi masentimita 5 kapena kuposa mbali iliyonse n'kusiya malimu omwewo, matayala amabisala m'kati, galimoto imaoneka ngati yabwereka thupi. Pamafunika malimu ena aakulu m'lifupi, otulukira kunja, ndi matayala ake. Ena amathawira ku timbale tokankhira limu kunja, koma tikanenepa kwambiri timalemetsa mabering'i, ndipo totchipa timadula mabawuti galimoto ili pa liwiro. Pamafunikanso zotsitsira galimoto. Mukaphatikiza malimu, matayala, zotsitsira, mmisiri ndi penti, nthawi zambiri zimaposa mtengo wa kitiyo. Munthu amene sanauzidwe zimenezi ndi amene mawa adzaigulitsenso ili m'mabokosi.

WOULUTSA: Ku Japan komweko boma silingoyang'ana. Galimoto ya munthu wamba imayesedwa ikatha zaka 3 ili yatsopano, kenako zaka 2 zilizonse, pa kuyesa kumene amakutcha shaken. Thupi likakula m'lifupi kuposa masentimita 2 ndi zidutswa zomangirira kokhazikika, mwini wake ayenera kupita nayo kukaiyezetsa mwapadera kuti miyeso yatsopano ilembedwe m'mapepala a galimotoyo. Tayala lotulukira kwambiri kunja kwa thupi nalonso ndi mlandu. Izi zikukhudza inu amene mumaitanitsa magalimoto ku Japan kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Beira. Mukaona galimoto yovala kale kiti, yerekezani m'lifupi mwake ndi zimene zalembedwa pa pepala lotulutsira galimoto m'dzikomo. Toyota 86 ya ku fakitale ndi mamilimita 1,775. Onaninso pepala la ku okushoni, chifukwa galimoto yosinthidwa kwambiri ikhoza kupatsidwa giredi R, imene imaperekedwanso kwa magalimoto okonzedwa pambuyo pa ngozi. Ikafika kuno, kafunseni ku ofesi ya Road Traffic za COF musanadule kapena kusintha kanthu, ndipo a inshulansi auzeni. Abale athu a ku Britain akudziwa kuti kumeneko kubisira a inshulansi zoti galimoto inasinthidwa kukhoza kuwapatsa chifukwa chokanira kulipira pa ngozi.

MMISIRI: Ndipo tinene zoona mayi, misewu yathu ili ndi mahampu ndi maenje. Bampala ya faiba siipindika ngati ya pulasitiki ya ku fakitale, imasweka. Wogulitsa wa kuno amuuze mnzake zimenezo maso ndi maso.

WOULUTSA: Tsopano pali funso limene ndikudziwa kuti wina kunyumba akulifunsa. Akuti, Kyoto ndi kutali, Miura sandidziwa, ndalama zakunja n'zosowa. Ndikagula ya feki ndalakwira ndani?

MMISIRI: Ine munthu wogula yokopera akudziwa kuti ndi yokopera sindimuweruza kwambiri. Thumba ndi lake. Ndimangomuuza kuti ndalama imene wapulumutsa pogula adzandipatsa ine, chifukwa ndidzatha masiku ndikudula, kuwonjezera faiba, kutenthetsa ndi kupala kuti igone, ndipo ngakhale nditero siidzafika pa inzake ija. Amene ndilibe naye chisoni ndi wogulitsa amene akudziwa kuti ndi feki koma akuitchula dzina la eni ake. Ena amachenjera, amalemba dzina la kampani m'zilembo zikuluzikulu, n'kubisa kamawu koti ndi yofanizira kumapeto kwenikweni. Kumeneko ndi kuba kovala jekete.

WOULUTSA: Ine bambo ndipitirira pamene mwaimapo. Wokopera uja watenga miyezi ya ntchito ya munthu wina, kujambula, kuyeza, kusema, kuyesa pa galimoto, n'kuisandutsa yake pa tsiku limodzi popanda kulipira kanthu. Tanena kuti awa ndi magalaja aang'ono. Makiti okopera akadzaza msika, amene amaluza ndi munthu yemwe anaganiza maonekedwewo, ndipo mawa sadzakhala ndi mphamvu yopangira ena. Mmisiri aliyense wa ku Biwi, ku Ndirande kapena ku Luwinga amene anapangapo geti la maonekedwe akeake n'kuliona litakopedwa msewu wonse akudziwa kuwawa kwake. Pali munthu wina ku Japan amene anatseka khomo limeneli mwa njira yakeyake, Akira Nakai wa RWB, ku Chiba. Iye amagwira magalimoto a Porsche, ndipo mukagula kiti yake amakwera ndege kubwera kumene muli, n'kudula ndi kuika ndi manja ake. Anthu amadikira nthawi yaitali kuti awafikire. Koma Miura ndi Kato sangayendere galimoto iliyonse. Makiti awo amadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo dzina lawo limatetezedwa kapena kuipitsidwa ndi munthu wamba amene akugulitsa kiti imodzi pa Facebook.

MMISIRI: Pamenepo sinditsutsa.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma sitinakambe za kupereka katunduyo. Wogula wapezeka, mwagwirizana. Ali kutali.

MMISIRI: Apa ambiri amadzidzimuka. Faiba ndi yopepuka, bampala mukhoza kuinyamula ndi dzanja limodzi, koma a ndege salipiritsa kulemera kokha, amalipiritsanso malo. Makampani ambiri otumiza katundu mwachangu amachulukitsa utali, m'lifupi ndi msinkhu wa bokosi m'masentimita, n'kugawa ndi 5,000. Bokosi la bampala la masentimita 190, 60 ndi 50 limatuluka makilogalamu 114, pamene m'katimo muli chinthu chosafika ngakhale makilogalamu 10. Ndiye funsani mtengo wotumizira musanalonjeze kanthu, ndipo mugwirizane kuti alipira ndani. Pa sitima ya pamadzi, m'kontena yophatikizana ndi ena, n'kotchipa koma n'kochedwa.

Pomanga, chidutswa chilichonse chikulungidwe pachokha. Nsonga ndi ngodya ndi zimene zimayamba kuthyoka, ndiye zivekeni makatoni opindapinda. M'kati mwa bampala ikanimo thabwa lopepuka kapena katoni yolimba yopingasa kuti isaphwanyike wina akaikapo katundu pamwamba. Musamange madigadi mokakamiza ndi chingwe, chifukwa akakhala opindika milungu ingapo m'malo otentha amazolowera momwemo. Jambulani zonse musanatseke bokosi, ndipo wogula naye ajambule potsegula. Ngati mukutumiza pa basi kapena pa lole kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kapena ku Mzuzu, pitani nokha mukaone pamene aliika, lisakhale pansi pa matumba a chimanga.

Pa ndalama, wogula asatumize zonse kwa munthu amene sanamuonepo, ndipo wogulitsa asatulutse katundu chifukwa cha uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama yalowa. Ayang'ane yekha mu akaunti. Ngati muli mzinda umodzi, njira yabwino ndi kukumana pa galaja ya mmisiri amene wogula wasankha, galimoto ili pomwepo. Timamata tepi pa thupi, timagwiriza zidutswa chimodzichimodzi, tonse tikuona. Zimatenga ola limodzi kapena awiri. Zikagona bwino, ndalama iperekedwe, lisiti loyamba lija lipite kwa mwini watsopano pamodzi ndi kalata yachidule yosainidwa ndi onse awiri, chifukwa nayenso tsiku lina adzafuna kugulitsa. Chopukusira chibwere pambuyo pa zonsezo.





WOULUTSA: Sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, tidzakamba za kawerengedwe ka pepala la ku okushoni ya magalimoto ku Japan, zilembo ndi manambala aja amene amalembedwa pa chithunzi cha galimoto. Konzekerani mafunso anu. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu.)